Chotsa Mwana

"Chotsa mwana," anatero bambo ake, malovu akutsikira pa kolala ya shati.

Telala anasiya kupalasa makina osokera. Madiresi a kwaya anali asanathe, nsalu zapabedi zinali mu beseni, ndipo msana unkamuwawa ngati wagonera miyala. Anayang'ana kumene dzanja labwino la nkhalambayo linkaloza. Linkaloza pakhonde, pamene Kaphokoso, mwana wake wamkazi wa zaka zitatu, ankaveka chidole zidutswa za nsalu pansi pa nthochi yaifupi ya mu diramu.

"Ababa, wakulakwirani chiyani lero mwanayu?"

"Chotsa mwana."

Sitiroko inawasiyira mawu oti munthu angawerenge pa zala za dzanja limodzi. Ku chipatala anati ena adzabwerera okha. Telala ankadabwa kuti mwa mawu onse a padziko lapansi, matendawo anasankha kuwasungira amenewa. Mawu oti "chotsa" anali atawamvapo kale m'kamwa momwemo, nthawi imene anatenga mimba ya Kaphokoso mwini wake n'kuzemba. Tsopano ndiye ankawasambitsa, kuwameta ndi kuwatembenuza, malipiro ake n'kukhala omwewo, m'mawa ndi masana.

Nthochi ndiyo inkakondedwa. Tsiku lowachotsa kumunda kwawo anakana kukwera galimoto mpaka itakumbidwa. Poti bwalo la nyumba ya lendiyo linali la simenti, Telala anadula diramu pakati, naliboola pansi, nadzazamo dothi ndi manyowa. Nthochiyo inakula mpaka m'phewa mwake n'kuima pomwepo. Iye ankaithira madzi otsukira mbale akudutsa, osaiyang'ana n'komwe.

Sabata imeneyo Kaphokoso anayamba kulowa m'nyumba chozemba, akudzera m'mbali mwa khoma kuti agogo asamuone. Telala anaimbira foni mchimwene wake, dalaivala wa malole.

"Bwerani mudzawatenge. Ine ndatopa."

"Ndikawaika pati, chemwali? Chipinda n'chimodzi, ndipo ine ndimakhalira pamsewu. Azikatsala okha."

"Ndiye ndichotse mwana wanga?"

Dalaivala anabwera Loweruka ndi kagalimoto kobwereka. Telala anali atakasiya Kaphokoso kwa aneba kuti asaone, ndipo zovala za bambo ake zinali kale mu chikwama.

"Mwanenepa, mdala," anatero dalaivala akuwerama. "Chemwali akukudyetsani bwino, inu n'kumamutukwanira mwana? Kwanga mukadya fungo la dizilo."

"Ayi," inatero nkhalamba.

"Ayi wake uti? Wokana kunenepa kapena wokana kupita?"

"Musawaseke, achimwene. Gwirani m'khwapamo, ine ndigwire miyendo."

Anawanyamula, akupumira m'mwamba. Atafika pakhonde katunduyo anakanirira. Dzanja labwino lija linali litagwira kanthu mu diramu, ndipo silinkasiya.

"Ababa, tayani, tikugwetsani!"

"Chotsa mwana!" Liwu linatuluka lamphamvu kuposa masiku onse.

Telala anayang'ana uku ndi uku. Pakhonde panalibe mwana aliyense. Kenako anayang'ana m'dzanja la bambo ake. Dzanjalo linali litagwira mphukira ya nthochi, yofika m'bondo, yamasamba osongoka. Pambali pake panali ina, kuseri kwa tsinde inanso. Zonse zinathinana mu diramu limodzi, ndipo masamba a nthochi yaikuluyo anali achikasu m'mbali monse.

Dalaivala anayamba kuseka mpaka anatsala pang'ono kuwataya bambo ake.

"Ana a nthochi! Iwe, sukukumbukira? Ankandidzutsa ndi khasu kuti ndikachotse ana, akuti akuyamwa make. Mu diramu muno make angabereke bwanji, ana atatu akumudya?"

Telala sanaseke. Anakumbukira, koma mochedwa. Kumunda kunali ntchito ya mchimwene wake. Iye ankakhala pa makina a mayi awo. Anakhala pansi pa simenti, miyendo ya bambo ake ili pamiyendo pake.

"Ndiye masiku onsewa," anatero pang'onopang'ono, "mwana wanga wakhala akuthawa agogo ake chifukwa ankasewera pafupi ndi diramu."

"Ukanawafunsa kuti mwana wake uti."

"Akanayankha ndi pakamwa pati?"

Anawakhazika pampando pakhonde pomwepo. Dalaivala anatenga chikwanje kukhitchini, nachizika pakati pa make ndi mwana, nadula, nazula mphukirayo pamodzi ndi timizu take. Anachita chimodzimodzi ndi yachiwiri. Atagwira yachitatu, nkhalamba inamenya mpando.

"Ayi!"

"Eya, wina amatsala," anatero dalaivala. "Make akabereka amafa, uyu ndiye wolowa m'malo. Mwaona mdala, sukulu yanu sindinaiwale."

Anapukuta utomoni pa thalauza, nayang'ana chikwama chimene chinali pakhomo.

"Nanga tsopano? Galimoto ndabwereka, mwini wake akuidikira."

Telala anayang'ana beseni, madiresi, ndi bambo ake amene anali atatseka maso ngati munthu woweruka ku ntchito. Palibe chimene chinapepuka. Mawa ankayenerabe kuwanyamula, ndipo "chotsa" woyamba uja, wa zaka zapitazo, sanali wa nthochi.

"Tengani ana awiriwo mukabzale kwanu," anatero. "Ababa asiyeni. Koma Loweruka lililonse limene muli kuno, muzibwera kudzawasambitsa. Msana wanga si wachitsulo."

"Ana awiri nthawi imodzi, ine wosakwatira? Anthu akanena chiyani?"

"Akanena zimene ananena za ine. Simufa nazo."

Galimoto itachoka, Telala anakatenga Kaphokoso kwa aneba. Mwanayo ataona agogo ake pakhonde anabisala kuseri kwa siketi ya make. Telala anamunyamula, namukhazika pa bondo labwino la nkhalambayo.

Bambo ake anatsegula maso. Anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali. Dzanja lodetsedwa ndi dothi linagwira kumsana kwa diresi lake kuti asagwe.

Telala sanafunse tanthauzo lake. Anali atatopa ndi kumasulira. Anakoka chikwama n'kulowa nacho m'nyumba.