Nsapato za Mwamuna Wanga

"Nsapatozi ndi za ndani?" anafunsa mlonda wa pachipata cha khoti, akusuzumira m'jumbo ya apongozi anga.

"Za mwana wanga," anayankha. "Anamutenga alibe nsapato. Lero azivala."

Mwamuna wanga, dalaivala wa basi, anali atakhala m'chitokosi miyezi ndithu chifukwa cholankhula pa msonkhano wa madalaivala. Aphungu anali atasintha malamulo oyendetsera dziko kuti apolisi azitha kusunga munthu mpaka pomwe afunire, osamutengera kukhoti. Tsikulo oweruza ankadzanena ngati kusinthako kunali kololedwa. Loya wathu sanandibisire: "Mayi, akavomereza kusinthaku, amuna anu musawayembekezere msanga."

Tinakhala pa benchi yakumbuyo, thukuta lili kamukamu. Woweruza wamkulu anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga, womasulira akutsatira pambuyo.

"Aphungu amasankhidwa ndi anthu. Ali ndi mphamvu yosintha malamulo, ndipo khoti lisalowerere. Mtendere wa dziko uposa ufulu wa munthu mmodzi."

Apongozi anandifinya dzanja mpaka zala kuchita dzanzi. "Mwamva, amake mwana? Athana naye basi."

Woweruza anapitiriza momwemo, osadzutsa n'komwe mutu. Apongozi ananyamula jumbo yawo n'kutuluka, ine pambuyo. Nanga ndani akanatiuza kuti oweruza amayamba abwereza zonse zimene mbali iliyonse inanena, maganizo awo n'kumalizira? Ife tinkangodziwa kuti chotuluka pakamwa pa woweruza ndicho chigamulo.

Ndinawapeza pachipata akupatsira mlonda jumbo ija.

"Tengani, bambo, mwina zikukwanani. Zingangoolera m'nyumba."

"Amayi!" ndinakuwa. "Mukugawa katundu wa munthu wamoyo?"

"Ndiziwonenso m'mawa uliwonse pakhomo paja? Ayi, mtima wanga watopa."

Ndinakwiya, koma nanenso usiku uliwonse ndinkaziyang'ana nsapatozo n'kumalira. Mlonda anakanakana mwaulemu, kenaka pang'onopang'ono anakhala pa mpando wake, navula nsapato yake yong'ambika, nayesa imodzi. Abale inu, inamukwana ngati anachita kumuyeza!

Ife tinakakhala pamasitepe a khoti. Mwadzidzidzi m'khoti munabuka phokoso. Ndinaona loya akutuluka chothamanga, mkanjo wake wakuda ukuuluka.

"Munathawiranji? Zija zinali mfundo za boma, woweruza amangozibwereza! Khoti lati ngakhale aphungu onse atakweza manja, sangalande munthu ufulu wokaonekera pamaso pa woweruza. Kusintha kuja kwathetsedwa."

"Ndiye atuluka lero?" ndinafunsa.

"Lero ayi. Alamula kuti mawa apolisi abwere nawo kuno. Boma likhoza kuchita apilo, koma mawa muwaona ndi maso anu."

Apongozi sanalire, sanasekenso. Anatembenukira mlonda, amene anali ataimirira, phazi lina mu nsapato yake, lina mu ya mwamuna wanga.

"Pepani, bambo, vulani. Mwini wake akubwera."

Anailandira ndi manja awiri, naipukuta mkati ndi kunja ndi nsonga ya nsalu yawo. Kenaka anayamba kumasula zingwe za nsapato zonse ziwiri mpaka kumunsi, akudzilankhulira okha kuti m'chitokosi mapazi amatupa.