Kumene Clifford Ankapita Loweruka Masana

Bandi ya malipenga ya kwathu ku Skelby inali ndi malamulo ambiri, koma limene a Holroyd, tcheyamani wathu, ankaligwira ndi manja awiri linali lokana thirampeti. Koneti inde, thiromboni inde, mabesi akuluakulu aja inde. Ngakhale ng'oma ankailola, malinga woimbayo akhale kumbuyo ndipo asamaoneke ngati akusangalala. Koma thirampeti ayi. Mlendo akaona koneti ndi thirampeti amati n'zapachibale, poti zonse n'zamkuwa ndipo zili ndi mabatani atatu. Kungoti koneti ndi yaifupi, yojintcha, mawu ake ofatsa; thirampeti ndi yaitali, yowonda, imalankhula ngati munthu wofuna kuti msewu wonse utembenuke. A Holroyd ankati koneti ndi lipenga la munthu wapabanja.

Ine ndinkaimba koneti kumzere wakumbuyo, kumene amaika anthu amene sangachotsedwe chifukwa sajomba. Pampando woyamba, pafupi ndi wotsogolera nyimbo, pankakhala Clifford Sugden, amene anakwatira Audrey, mwana mmodzi yekhayo wa a Holroyd. Anthu ankanena kuti a Holroyd anayamba amva Clifford akuimba, kenako n'kukumbukira kuti kunyumba kuli mtsikana.

Lamlungu lina m'mawa titamaliza kuyeserera nyimbo ya mpikisano, a Holroyd anandigwira mkono n'kunditengera kuseri kwa mabesi.

"Norman, wamumva mkamwini wanga lero?"

"Ndamumva, akulu. Akumveka bwino."

"Akumveka kwambiri. Mawu aja amera mano." Anasuzumira kukhomo. "Ndiponso phazi lake limagwedera. Munyimbo ya m'tchalitchi, Norman. Phazi."

Ndinati mwina nsapato ikumuthina.

"Loweruka lililonse masana amakwera basi ya ku Halifax, ati kokaonera mpira. Ndikamufunsa amene wagoletsa, amayamba wayang'ana kudenga. Bokosi lake la lipenga ndalitsegula kale ali kuchimbudzi. Muli koneti yokha, yopukutidwa bwinobwino."

"Ndiye kuti palibe nkhani."

"Nkhani ndi imeneyo. Munthu wosalakwa sapukuta chonchija." Anatsitsa mawu. "Mlomo wa munthu sunama. Uja wapsompsona thirampeti. Umutsatire. Iwe palibe amene amakuona ngakhale uli pomwepo."

Ndinalandira chiyamikirocho.

Lachiwiri Audrey anandidikirira pageti la fakitale ya nsalu imene tonse tinkagwirako ntchito. Anali atamanga mpango kumutu mothinitsa, ngati mmene amayi ake ankamangira akamapita kukakangana ndi wogulitsa malasha.

"Achimwene a Norman, inu ndi mnzake. Ndi ndani mkaziyo?"

"Mkazi uti, mlamu?"

"Musandiyese mwana. Amabwera akununkhira mafuta a maluwa, paphewa pali paudala. Amatsuka mbale akuimba mluzu. Clifford amene uja kutsuka mbale." Anakoka mpweya. "Sutikesi ndaitsitsa kale pamwamba pa wadirobu. Ngati ndi mkazi, ndikupita kwa azakhali ku Scarborough ndipo sadzandionanso. Ine si wogawana."

Motero Loweruka ndinakwera basi ndili ndi mabwana awiri, aliyense akufuna ndimupezere tchimo lake. Basiyo inali yosanjikizana: Clifford anakwera m'chipinda cha pamwamba, ine ndinakhala m'cha pansi, nyuzipepala kumaso. Ku Halifax sanayang'ane n'komwe njira ya kubwalo la mpira. Anakhotera kamsewu ka kuseri kwa msika, n'kukwera masitepe a holo ina imene ili pamwamba pa sitolo ya mipando. Pakhomo panali mayi wogulitsa matikiti amene anandifunsa ngati ndabwera ndi wovina naye. Ndinati ayi. Anati ndisadandaule, amasiye alipo ambiri.

Munali dansi ya masana, ya tiyi ndi mabanzi, imene amavina anthu opuma pantchito. Nkhalamba zinkazungulira ziwiriziwiri, pang'onopang'ono, ngati zanyamula kabati. Kutsogolo kunali amuna asanu ovala timataye tofiira. Wachitatu anali Clifford, ataimirira, chinthu chachitali chowonda chili pakamwa, chitaloza kudenga. Si phazi lokha limene linkagwedera. Munthu yense ankagwedera.

Sindibisa, ankaimba bwino. Ndinakwiya nazo pang'ono.

Nthawi yopuma itakwana, amayi okalamba anamuunjirira. Wina anamukumbatira, wina anamutsina tsaya, wina anamuika banzi m'thumba. Paudala yense wa Audrey ndinamuona akutsika paphewa ine ndikuyang'ana. Clifford anandiona ndili pakona ndi kapu ya tiyi, ndipo anabwera akupukuta mlomo.

"Wakutuma ndani, aise? Apongozi kapena Audrey?"

"Onse."

Anakhala pansi. Anatulutsa banzi lija, n'kuligawa pakati.

"Ndi yako?" ndinafunsa, ndikuloza ndi chibwano.

"Ya mwini bandi. Imagona konkuno."

"Bwanji, Clifford? Uli ndi mpando woyamba. Anthu amafa asanaukhalepo."

"Norman, zaka zonsezi ife timaimbira ndani? Timayeserera dzinja lonse, kenako timapita kumpikisano kukaimbira woweruza amene amutsekera m'bokosi la makatani kuti asaone bandi imene ikuimba. Akaliza wezulo, timayamba. Timamaliza, kuli zii. Mwina amakhala akudya payi mmenemo. Sindinaonepo nkhope yake ikusintha chifukwa cha ine." Analoza mayi wina wa ndodo. "Uyo anachitidwa opaleshoni ya chiuno. Ndikangoyamba, ndodo amapatsa mnzake."

"Audrey watsitsa sutikesi."

Anasiya kutafuna.

"Akuti uli ndi mkazi. Ungomuuza zoona, basi."

"Ukumudziwa Audrey. Sananamizepo bambo ake chibadwire. Ndikamuuza madzulo, m'mawa nkhope yake yokha ikhala itaulula. Mpikisano watsala pang'ono, ndipo chidutswa cha pakati pa nyimbo, choimba munthu mmodzi yekha, ndi changa. Ndakhala ndikuchidikira kuyambira ndili wosameta ndevu." Anandigwira bondo. "Undipatse sabata imodzi, ndipeze poyambira. Za lipengali usanene."

Ndinalonjeza, poti banzi lake ndinali nditadya kale.

Lamlungu a Holroyd ananditengeranso kuseri kwa mabesi. Ndinali nditagona ndikuganiza chonena, ndipo ndinasankha kunena zoona zimene ndikanatha kuzinyamula.

"Sapita kumpira, akulu. Amapita kuholo ina ya dansi."

"Pitiriza."

"Kuli akazi ambiri. Amamukumbatira."

A Holroyd anandiyang'ana. Kenako mapewa awo anatsika pang'onopang'ono, ngati a munthu amene dokotala wamuuza kuti chotupa chija ndi chithupsa chabe.

"Akazi," anatero. "Ndiye chimene chikugwedeza phazi ndi chimenecho."

"Mwina."

"N'zoipa, Norman, usandimve molakwa. Mwana wanga ndi mwana wanga. Koma zoterezi zimatha zokha, ngati chimfine." Anandisisita pamsana. "Ndimaopa zina. Audrey ndilankhula naye ndekha."

Apa ndi pamene ndinayenera kuwaletsa. Koma a Holroyd akaganiza zochitira munthu chifundo, sagwirika.

Zimene anakanena ndinazimva kwa Audrey mwiniwake Lachisanu, pageti lomwe lija. Bambo akewo anapita kunyumba kwake atavala taye, anakhala pampando wa Clifford, n'kumuuza kuti afufuza ndipo nkhaniyo ndi ya akazi ndithu, koma apirire mpaka mpikisano udutse, chifukwa munthu wa mpando woyamba safunika kusokonezedwa maganizo.

"Akazi, achimwene. Osati mmodzi. Ndipo bambo anga ondibala akuti ndidikire kaye bandi iimbe." Sanalire. Audrey akakwiya amauma ngati buledi wadzana. "Basi ya ku Scarborough imanyamuka Lamlungu m'mawa. Mumuuze mnzanuyo kuti makiyi akawapeza pansi pa botolo la mkaka."

Ndinamuuza Clifford madzulo omwewo. Anamvetsera n'kugwedeza mutu. Loweruka anapita ku Halifax monga mwa masiku onse, ndipo ine ndinati munthuyu wasankha mpando.

Malo okwerera basi ku Skelby ali moyang'anana ndi chipinda chathu choyeserera. Lamlungu m'mawa tonse tinali pamipando, kupatula woyamba uja. A Holroyd ankayang'ana wotchi, kenako khomo. Ine ndinkayang'ana pawindo, pomwe ndinkaona Audrey ataima tsidya la msewu, atavala chikhoti chake chabwino, sutikesi kumiyendo.

Clifford anatulukira kumtunda akuyenda mosathamanga. M'manja munali bokosi, koma silinali lake lija. Linali lalitali.

Sanalowe kwathu. Anawoloka msewu n'kuima patsogolo pa mkazi wake. Windo linali lotsegula, ndipo bandi yonse inapezeka kuti ili ndi chifukwa choimirira.

"Audrey, palibe mkazi."

"Bambo akuti alipo ambiri."

"Alipo, koma wamng'ono kwambiri ali ndi zidzukulu zokwatiwa. Ndimawaimbira dansi."

"Dansi ndi koneti? Ukundiyesa wobadwa dzulo? Bambo akanakumva fungo."

Clifford anagwada, anatsegula bokosi, anatulutsa chinthucho. Kumbuyo kwanga wina wa mabesi anati, "Ambuye tichitireni chifundo," motsitsa, ngati wapeza njoka m'nsapato.

Audrey anachiyang'ana nthawi yaitali. Anakulira m'nyumba ya a Holroyd, ndiye ankadziwa chimene akuona.

"Aliyense akhoza kubwereka chimenecho," anatero. "Imba."

Clifford anatembenukira kuwindo lathu. Anaona apongozi ake, anaona ife tonse, mwina anaonanso mpando wake uli wokha. Kenako anaika lipenga pakamwa. Inali nyimbo ya dansi, yopepuka, yopanda ulemu uliwonse. Inakwera msewu wonse mpaka ku tchalitchi, kumene anthu anali akulowa. Makatani a nyumba zoyandikana anayamba kusuntha. Basi inafika, inaima, dalaivala anatsegula chitseko n'kudikira. Palibe munthu wobwereka amene akanaimba chotero.

Atamaliza, Audrey anati, "Miyezi yonseyi ine osagona tulo chifukwa cha chimenechi?"

"Ndimaopa bambo."

"Chitsiru." Anauza dalaivala kuti azipita. Kenako anakankhira sutikesi kwa mwamuna wake ndi phazi. "Nyamula. Ndi yolemera, ndinaikamo ndi wotchi ya pakhoma yomwe."

Anakwera mtunda limodzi, iye mabokosi awiri m'manja, mkazi patsogolo. Sanacheuke.

M'chipinda mwathu a Holroyd anatseka windo okha, pang'onopang'ono, n'kukhoma kachitsulo kake. Anaima pafupi ndi mpando woyamba kwa kanthawi. Kenako anauza Desmond Firth, wa pampando wachiwiri, kuti asunthe. Desmond anali atadikira mpandowo zaka zambiri, koma chidutswa cha pakati chija ankachiopa ngati moto, ndipo anasuntha ndi nkhope ya munthu amene wapatsidwa galu wolusa ngati mphatso. Aliyense anasunthira kutsogolo mpando umodzi. Ngakhale ine ndinakwezedwa, koyamba m'moyo wanga.

Tisanayambe, a Holroyd anabwera kumzere wakumbuyo n'kuwerama pakhutu langa.

"Unati akazi."

"Analipo, akulu."

Anayang'ana tsidya la msewu, pomwe panalibenso munthu.

"Ndinali nditayamba kale kumukhululukira," anatero.