Apongozi Atsuka Mchenga Wamoyo

Amuna anga a Jailosi anagula mchenga. Eya, mchenga, munthu wokulira m'mbali mwa mtsinje wa Bua! Anauoda pa foni, galimoto n'kudzautula pakhomo pathu ku Etobicoke, kuno kutsidya kwa nyanja. Akuti ndi mchenga wamoyo: muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya zonyansa za nsomba, ndiye ukauthira m'thanki ya madzi amchere, madziwo sachedwa kukhala bwino. Anzawo ena oweta nsomba anawauza kuti asadzivutitse, tizilomboto timabwera tokha munthu ukadekha. Koma kudekha a Jailosi sakudziwa. Ankafuna kuti mwana wathu woyamba, amene ndinali ndi pakati pake, adzapeze nsomba zikusambira pabalaza.

Ine nkhawa yanga inali ina. Amayi anga anabwera kuchokera ku Dedza kudzadikira mwanayo, koma m'nyumba ya m'mwamba mulibe bwalo losesa. Zovala amachapa ndi makina, mbale chimodzimodzi, kunja kuli chisanu choluma makutu. Ankangokhala pawindo n'kumawerenga mabasi. Kenako anayamba kunena kuti asanduka katundu, tiwasinthire tikiti abwerere kumudzi. Ndinkachita mantha, sindinama. Sindinkafuna kukachira amayi ali kutali.

Tsono kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, salankhulana mwachindunji, ndipo amayi mwambo umenewu anakwera nawo ndege. Nyumba yathu kanjira ndi kamodzi. A Jailosi akangomva masilipasi a amayi, ankathawira m'bafa ngati mwana woba shuga. Uthenga uliwonse unkadutsa mwa ine.

Loweruka lina ndinali pa shifiti kunyumba yosamalira okalamba ku Mississauga, foni ili m'chikwama. A Jailosi anakhuthulira mchenga wawo m'ndowa, n'kutsika kukatenga mchere m'galimoto. Pobwera anapeza ndowa palibe. Amayi anali atagwada m'bafa, atatsegula mpopi wa madzi otentha, akutsuka mchengawo ngati mpunga. Nawonso sanalakwe, unkanunkhadi ngati matope a kudambo.

Bambo aja anaima m'kanjira. Anatsokomola. Anandiimbira foni, ine kuli zii. Anatsokomolanso, kenako anauza khoma kuti mchenga wina sufuna kutsuka. Amayi, mwaulemu wonse, anawapatsa msana n'kuuza mpopi kuti uwu wokha ukufunika kutsuka kwambiri, ogulitsawo ndi anthu auve. Atatero anawiritsa madzi m'ketulo n'kuthirapo, kuti kachilombo kalikonse kamene kanatsala kafe. Ndipo tizilomboto tinafadi tonse. Mchenga anauyanika pachitenje pafupi ndi hita, uli mbee.

Madzulo a Jailosi anandichingamira pa lifiti, nkhope ili ngati ya kumaliro. Atandifotokozera ndinaseka mpaka mwana anandimenya m'mimba. Kenako ndinapsa mtima. Munthu wamkulu, injiniya, kulephera kunena mawu awiri okha chifukwa choopa apongozi? Ndinawauza kuti andisiye ndikawafotokozere amayi bwinobwino zimene achita.

Anandigwira mkono. Anati ndisayerekeze, chifukwa pamene amayi ankatsuka mchengawo ankaimba nyimbo ya kutchalitchi, ndipo chibwerereni iwo anali asanawamvepo akuimba.

Titalowa tinapeza amayi akutembenuza mchenga wawo ndi chikhatho, atakulungira manja a malaya m'zigongono, akumwetulira okha. A Jailosi anaima pakhomo la khitchini, maso ali pa filiji.

"Lilian, muwauze amayi kuti ndathokoza kwambiri," anatero. "Muwauzenso kuti mchenga woyera chonchi umatenga nthawi kuti nsomba zilowemo, mwina mpaka mwana atabadwa. Pakufunika munthu woyang'anira thankiyi tsiku ndi tsiku, kuwonjezera madzi akamaphwa, kupukuta galasi. Ine ndimakhala kuntchito."

Ndinabwereza mawu onsewo, ngakhale tonse atatu tinali malo oti ukatambasula mkono ukhudza mnzako. Amayi anayang'ana kuwindo. Anafunsa ngati madzi owonjezerawo ndi amchere kapena ayi, ndipo a Jailosi anauza filiji kuti ndi opanda mchere, ali m'chigubu choyera, ndiponso kuti mchengawo usadzatsukidwenso. Amayi anagwedeza mutu ngati munthu amene walandira munda.

"Uwauze bambowa asiye za tikiti zija," anatero amayi. "Ndingachoke bwanji? Anthu osatha kutsuka ndi mchenga womwe, mwana mudzamusambitsa bwanji?"