Bambo Pamsoko

Ku sukulu ya zojambula aphunzitsi anapereka ntchito yooneka yophweka: aliyense ajambule chipinda chonse mozungulira, kenako alumikize zithunzizo pa kompyuta kuti zikhale chimodzi chachitali. Ophunzira ena anathamangira m'maholo okongola. Mzime anasankha kashopu ka bambo ake, telala amene chifuwa chinali chitawadya mpaka kolala ya malaya kumangolendewera. Za mamalikisi analibe nazo ntchito kwenikweni. Pakhomo pawo panalibe chithunzi cha bambowo ngakhale chimodzi, poti mkuluyo ankathawa kamera ngati jekeseni, ndipo mtsikanayu ankaopa kuti adzapita osasiya nkhope.

Anaimika kamera pa miyendo yake itatu pakati pa shopu. Ntchitoyi umajambula, n'kupotoza pang'ono, n'kujambulanso, chithunzi chilichonse chikulumako m'mphepete mwa chinzake. Anayambira pa bambo ali pa mashini, n'kudutsa pa shelefu ya ulusi, pa chidole chopanda mutu chovala jekete, pa chitseko, mpaka kubwerera pomwe anayambira.

"Ndiye akuti ukazisoka?" anafunsa bambowo. "Mwana wa telala ndithu. Koma msoko wako usakaoneke, ungandichititse manyazi."

Ku sukulu kompyuta inasoka bwinobwino, kalikonse pamalo pake. Koma pampando wa mashini panalibe munthu. Panatsala manja awiri okha odukira m'zigongono, atagwira nsalu pansi pa singano. Mzime anasendera pafupi ndi kompyutayo. Anatsegula zithunzi zija chimodzichimodzi, ndipo bambo analimo, m'choyamba ndi m'chomaliza momwe.

"Anagwedezeka basi," anatero aphunzitsi, osayang'anitsitsa n'komwe. "Munawaika pamsoko, pomwe choyamba chimakumana ndi chomaliza. Ziwirizo zikasiyana, kompyuta imataya choyenda n'kusunga chimene chili phee."

Anthu ophunzira sasowa yankho, ngakhale pa zinthu zoimitsa tsitsi. Mzime anakabwereza, ulendo uno bambo atawaika pakati penipeni, kutali ndi msoko uja. Anawachonderera kuti asagwedezeke. Anayesetsa mkuluyo, koma chifuwa sichimva za kamera, chinangobwera pa nthawi yake. Chithunzi chitatuluka, ngakhale manja aja munalibe. Mpando unali utakankhidwira pansi pa tebulo, nsalu itapindidwa bwino pamwamba pa mashini, chonsecho iye ankakumbuka kuti pojambula inali pansi pa singano. Chimenechi sanaonetse aphunzitsi. Mantha anali atamugwira, komanso anali wokwiya: chithunzi chimodzi chokha cha bambo ake chimukanike iye, wophunzira zojambula?

Loweruka masana anabwereka laputopu kuti akasokere konko. Anapeza bambo atatsamira pampando, dzuwa la pawindo likuwawomba paphewa.

"Wabweranso ndi chamiyendo itatu chako? Chabwino, lero sinditsokomola, Mzime. Koma fulumira, mwanawe, ndatopa."

Anayambira pa chitseko, n'kumapotoza pang'onopang'ono. M'shopu munali zii, moti ankangomva kulira kwa kamera ndi ntchentche imene inkadziwombetsa pagalasi. Atafika pa bambo anawapeza ali phee, maso ali m'kamera momwe, ndipo anawayamikira chamumtima. Anamaliza kuzungulira, n'kukhala pa benchi la makasitomala atawafulatira, laputopu ili pamiyendo.

Chithunzi chinayamba kuoneka kuchokera kumanzere: chitseko, chidole, ulusi. Kenako bambo, athunthu, tepi ili m'khosi, imvi iliyonse ikuchita kuwerengeka, milomo ili ngati akufuna kuseka. Panalibe pozilala ngakhale pang'ono. Misozi yachimwemwe inalengeza m'maso mwake.

"Bambo, mwatuluka bwino. Tabwerani mudzadzione."

Sanayankhe.

"Mutha kugwedezeka tsopano, bambo. Ndamaliza."

Anatchera khutu kuti amve chifuwa chija, chomwe masiku onsewa ankachitukwana chamumtima. Anadikira, n'kudikirabe, maso ali pa chithunzi, poti kucheuka ankaopa.