Tambala wa Apongozi Anga

Amuna anga, a Malizani, adayamba kuweta nkhuku chaka chimene njira zotulukira m'dziko lino zidatsekedwa chifukwa cha mliri. Tinkakhala kutsidya kwa nyanja, kutali ndi kwathu, kumapeto kwa tauni ya Armadale, m'nyumba yokhala ndi bwalo lalikulu kuseri, ndipo munthu wobadwira ku Dowa ukamupatsa bwalo ndi nthawi, chimene angaganize ndi khola basi. Adayamba ndi nkhuku zofiira zisanu zoikira mazira. Zimenezo ndidazikonda, chifukwa m'mawa uliwonse zinkaonetsa ntchito yake. Kenaka mayi Ursula, mzungu wachikulire woyandikana nafe nyumba, adawapatsa mazira a nkhuku zakuda za mtundu, ndipo m'menemo mudatuluka tambala amene adandilanda mwamuna.

Tambalayo ankakhala yekha m'kakhola ka pamthunzi kuti dzuwa lisamuwonongere nthenga. Ankasambitsidwa ndi madzi ofunda, miyendo nkupakidwa mafuta, zimene ine mwini nyumba sindidachitiridwepo. A Malizani akatsika sitima kuchokera kuntchito ku Fremantle, kumene ankasamalira okalamba, ankayamba kaye apereka moni kukhola, ine pambuyo. Zonsezi zidali za chionetsero cha zaulimi cha m'dera lathu, chimene chaka choyamba cha mliri chidalephereka, koma chinkayembekezeka mu Okutobala wa 2021. Mayi Ursula, amene adakalamba akupikisanitsa nkhuku, ankati tambala wa msana wotere sadamuwetepo. Ndivomereze, adali wokongola. Nthenga zake zakuda zinkawala mobiriwira akatembenuka.

Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi tinkaimbira apongozi anga kumudzi, ndipo a Malizani ankayendetsa foni m'khola monse kuti bambo awo aone. Atangomuona tambalayo, apongozi adati ameneyo ndi Mikolongwe, ngati amene ankagawa alangizi kale. Mwana wawo adalimbikira kufotokoza kuti kuno amati Australorp ndipo kwawo kwenikweni nkuno. Mkuluyo adangoseka. Chimene sichinkawalowa m'mutu ndi nkhuku yosaikira, yosadyedwa, yongosungira kuti anthu aziyang'ane.

Mapepala oti apongozi adzatichezere adali atakonzedwa kale mliri usanayambe, ndipo ulendowo ankaukamba sabata iliyonse. Tsiku lina adati: "Ameneyo ndi wanga. Tsiku limene ndidzatere kumeneko mudzandiphere ameneyo, osati tofiirato."

"Ayi bambo, ameneyu ndi wa shoo, wa kuchionetsero," adayankha a Malizani akuseka. "Inu tidzakugulirani ina kushopu."

Apongozi adasekanso, koma ine ndidaiona nkhope yawo. Kwathu mlendo wolemekezeka samugulira nkhuku ya m'firiji, ndipo amuna anga ankadziwa zimenezo kuposa ine. Nkhaniyo sadaibwerezenso.

Mu Julayi apongozi adayamba chifuwa Lolemba, pofika Lachinayi adali atatisiya. Zopita kumudzi panalibe nkomwe poyambira. Mlamu wanga Dinnah adatiuza kuti azaumoyo akaika malirowo mawa lake m'mawa, ndipo abale adzaimirira patali.

Maliro ndi maliro ngakhale mtembo uli kutsidya kwa nyanja. Mwamwayi sabata imeneyo kusonkhana kunkaloledwa, ndiye Lachisanu anthu adabwera: a kumpingo, ana a kwathu ophunzira kuyunivesite ku Crawley, ndi anzathu a ku Zambia. Abambo adakhala pamipando kumaso kwa nyumba ndi a Malizani, amayi tidakhala pansi pabalaza. Chapamasana amayi Felesta, mkulu wa amayi a mumpingo mwathu, adagwada pafupi nane nkundinong'oneza kuti abusa ndi akuluakulu afika, ndiwo zawo titani? Ine mutu udali utazungulira ndi kulira. Ndidangoti kukhola kuli nkhuku.

Sindingawanene amayi Felesta, chifukwa ndikadakhala ine m'khola la eni ndikadachita chimodzimodzi. Mkazi wanzeru sapha nkhuku yoikira. Ndipo ukapeza tambala wonenepa atatsekeredwa payekha, sufunsa, umadziwa kuti eni ake adamupatulira alendo. Sadavutike nkuthamangitsa komwe, poti adali wozolowera kunyamulidwa.

Nthawi ya folo koloko madzulo, kumudzi kuli m'mawa, tonse tidaunjikana pa foni imodzi. Dinnah adaigwira ali chapatali, chithunzi chikuduka-duka. Tidaona anthu ovala zoyera thupi lonse akutsitsa bokosi mofulumira, ndipo nyimbo isanathe foni idazima. A Malizani sadakhetse msozi. Chimwalirireni bambo awo adali asanalire, ndipo zimenezo zinkandiopsa. Adangoimirira nkuzungulira kuseri kwa nyumba kukadyetsa nkhuku monga mwa masiku onse. Apo mpamene ndidakumbukira mawu anga, ndipo ndidawatsatira.

Ndidawapeza ataima pa kakhola kotsekula. Pambali padali ndowa yodzaza nthenga zakuda zonyowa. Amayi Felesta adatuluka kukhitchini akupukuta manja, ndipo nditawauza mwachidule za chionetsero, mayi wamkulu uja adagwada pansi.

"Sori bambo, pepani kwambiri," adatero. "Ndinamuona ali yekha, ndiye ndinati ameneyu ndiye wa alendo."

Ndinkayembekeza mkwiyo, ndipo ndidali wokonzeka kuti ugwere ine. A Malizani adawerama. Adatola nthenga imodzi m'ndowamo, nkuipukuta pa buluku, nkufunsa ngati nyamayo yagawidwa kale. Amayi Felesta adati ayi, ikadali yonse mumphika, ndi nthutumba yomwe, monga amaperekera kwa mlendo.

"Dzukani mayi, simunalakwe," adatero amuna anga. "Ndi wa alendo ndithu. Mwini wake anachita kuitanitsa."

Adapempha kuti mbaleyo ibwere yovundikira, ndipo adainyamula okha mpaka kumaso kwa nyumba. Adaiika pampando wopanda munthu pakati pa abusa ndi akuluakulu, nkugwada patsogolo pake monga ankachitira popereka chakudya kwa bambo awo ali mnyamata. A Malizani adavundukula mbale nkunena kuti:

"Anandipempha ali moyo. Ine ndinawauza kuti ndikawagulira kushopu."

Pamenepo ndi pamene adalira, kulira kwa mwana, nkhope ataibisa m'manja, ndipo amayi m'nyumba atamva adayambiranso. Abusa adawasiya alire mpaka ndiwo zidazizira, kenaka adapemphera nkugawa nyamayo kuti aliyense alaweko. Nthutumba palibe adaikhudza, idatsala m'mbale pampando paja.