Bulangete la Wam'mwamba

Amayi ali ndi ana aakazi awiri, koma mutawamva akucheza ndi anzawo mungayese anabereka mmodzi. Mng'ono wanga amagwira ntchito m'ndege, aja amakankha kangolo pakati pa mipando n'kumafunsa anthu ngati akufuna tiyi kapena khofi. Amayi anamupatsa dzina loti Wam'mwamba. Ine mwana woyamba ndinkachapa mabulangete ndi mapilo a ndege zomwezo, pakampani yochapa kuseri kwa bwalo la ndege. Dzina langa silinavute kupeza. Ngati uyo ndi Wam'mwamba, ine ndi Wapansi basi.

Nsanje ndinali nayo, ndipo sindibisa. Mwana amene ndinkamupukuta mamina ine, lero azitsika galimoto ya kampani atamanga kampango m'khosi, fungo la perefyumu mpaka kumpanda, amayi n'kumathamangira chikwama chake ngati kwabwera nduna! Ine ndikafika manja atatuwa ndi sopo, moni wake unali woti, "Wabwera? Taona ngati madzi akutuluka pampopi." Chimene ndinkafuna padziko lino chinali chimodzi: tsiku lina amayi ayambe kutchula ine pamaso pa anthu, mng'ono wangayo abwere pambuyo.

Ndiye kunachitika zija za zigawenga. Kudziko lina lakutali zinaphulitsa ndege zodzaza ndi anthu, onse n'kuthera momwemo. Tinaonera pa TV ya m'chipinda chomwera tiyi kuntchito, manja ali pakamwa. Nanenso ndinalira, musandiyese mfiti. Ndinapuma pokhapokha nditamva mawu a mng'ono wanga pafoni, akuti ali bwino, ndege yawo inali kwina.

Ndege zinaima kaye, kenako zinayambanso kuuluka, koma anthu anali atachita mantha. Ife ochapa tinazionera m'matumba. Bulangete lililonse tikachapa timalipinda n'kulimata m'pulasitiki. Munthu akalitsegula m'ndege, limabwerera kwa ife kudzachapidwa. Likapanda kutsegulidwa, timangolibwezera pashelefu. Tsopano matumba ankabwera odzaza ndi mabulangete omata bwinobwino, monga tinawatumizira. Ndege zinkangonyamula mipando.

Mnzanga wina wa pamakina ositira timamutchula Wailesi, chifukwa nkhani imayamba kumupeza iye isanafike kwa eni ake. Iyeyu ndiye ankatimasulira zonse.

"Kampani ya ndegeyi ikupuma wefuwefu," anatero akupinda pilo. "Ndege ili ngati ng'ombe ya mkaka, ukame usakame udzu imadya. Iuluke isauluke, ngongole imene anaigulira ikufuna kubwezedwa. A inshuwalansi akweza mtengo. Alonda awonjezera, makina ofufuzira anthu agula atsopano, okwera palibe. Ikatha miyezi ingapo chonchi, itha ngati makatani."

"Nanga aja a timipango m'khosi?" ndinafunsa ngati sindikufuna kudziwa.

"Amenewo ndiye oyamba kupita. Tiyi azimupatsa ndani, mpando?"

Abale, mtima wanga unachita kuti myaa. Ndinawerama m'dengu la mapilo kuti Wailesi asaone mano anga. Akuluakulu sananame, chouluka chimatera.

Tsiku lina masana, nthawi yopuma, ndinangoona mng'ono wanga watulukira kuntchito kwathu. Analibe kampango, analibe zopaka kumaso. Chiyambireni ntchito yake anali asanapondeko kuno, akuti fungo la mankhwala ochapira limamupweteketsa mutu. Anakhala pa ndowa yovundikira, mawondo pamodzi.

"Achemwali, zinthu sizili bwino," anatero. "Akuti achotsa anthu ambiri. Komanso ine mantha. Munthu akangodzuka kupita kuchimbudzi m'ndege, mtima wanga umachita kuti phaa. Kuno kwanu sangandilembe? Ngakhale kupinda kokha, ndiphunzira."

Ha! Mawu amenewo anali okoma kuposa shuga. Ndinakwinya nkhope ngati munthu woganiza zakuya.

"Kupinda si masewera, mwana iwe. Anthu amayesa n'kophweka. Koma ndiyankhula ndi abwana."

Anandigwira dzanja n'kunena kuti zikomo. Chimene chimandinyansa kwambiri pa mwana ameneyu n'choti alibe mtima woipa. Akanakhala wamwano bwenzi nsanje yanga ili ndi pogwira.

Lamlungu ndinapita kwa amayi. Nkhani anali ataimva kale. Anandilandira chikwama, inetu, chikwama changa chothothoka zipi chija. Anandikhazika pampando wa khushoni, n'kunditsanulira tiyi m'kapu ya maluwa imene imatuluka m'kabati pokhapokha Wam'mwamba akabwera.

"Mwana wanga wamkulu," anatero, "mng'ono wako umugwire dzanja. Ntchito yolimba ndi yakoyi. Litsiro silitha padziko."

Tiyi ameneyo ndinamumwa pang'onopang'ono. Kunangotsala kuti mawu omwewo awanene pali anthu, amayi a kutchalitchi aja amene amandifunsa chaka ndi chaka kuti, "Kodi iwe umagwira kuti paja?"

Lolemba ndinalowa mu ofesi ya abwana. Anandimvetsera akusisita chipumi, n'kungoti, "Tiona, mayi." Ine ndinamva ngati avomera. Ndinasankhiratu epuloni ya mng'ono wanga, yaikulu yofika m'mapazi, ndi majombo a mphira amene aliyense amawakana chifukwa lina limalowa madzi. Malo ake ndinamukonzera pafupi ndi makina oumitsira, pamene pamatentha mpaka thukuta kulowa m'maso. Ndinkadziona ndikumubwezera bulangete, "Wapinda mokhota, yambiranso." Wailesi akabwera ndi nkhani yoti kampani ina ya ndege kunja yatseka, ine ndinkachapa ndikuimba.

Mmawa wina tili pakati pa ntchito, makina onse anazima nthawi imodzi. Tinayesa magetsi athima, koma mababu anali akuyaka. Abwana anaima pakhomo la ofesi yawo, manja m'thumba, natiitana tonse.

"Kampani ya ndege yapulumuka," anatero. "Boma laithandiza, a banki avomera kudikira. Agulitsa ndege zina, maulendo ena asiya, malipiro a antchito awo adula pang'ono, koma ogwira m'ndege sawachotsa."

Wina kumbuyo anawomba m'manja. Ine sindinawombe nawo. Abwana anakweza dzanja.

"Sindinamalize. Afufuza paliponse pamene angapulumutse ndalama. Kuyambira mwezi uno, m'ndege simukhalanso mabulangete kapena mapilo. Wozizidwa azivala jekete yake. Ndipo inu mukudziwa kuti ife tinalibe kasitomala wina."

Ngakhale Wailesi, mwini nkhani, pakamwa panangoti yasa. Iyi yokha inamudutsa.

"Za malipiro anu omaliza tikambirana mawa," anapitiriza abwana. "Mabulangete ali pashelefuwo eni ake akuti sakuwafunanso. Aliyense atengeko."

Ndinavula epuloni yanga n'kuikoleka pamsomali, pambali pa ija ndinasungira mng'ono wanga. Ndinatenga bulangete limodzi lokha, labuluu, lokhala ndi kambalame ka kampani pakona, likadali m'pulasitiki yake. Ndinalichapa ndekha dzulo lake, ndinalipinda ndekha, m'mbali mwake muli mowongoka ngati mwayezedwa ndi rula.

Ndili pa siteji ya basi foni inalira. Anali Wam'mwamba, mawu ali m'mwamba ngati dzina lake.

"Achemwali, mwamva? Tapulumuka! Satichotsa! Angochotsa timabulangete basi. Abwana anu aja muwauze asavutikenso, koma zikomo kwambiri, inu ndiye munandilimbitsa mtima. Ndathamanga, tikunyamuka posachedwa."

Timabulangete basi. Asa! Mwanayu sanaganize n'komwe kuti timabulangete timeneto timachapidwa ndi munthu, ndipo munthuyo ndi amene akumuimbira foni. Ndinafuna kumulalatira, koma anali atadula kale. Pamwamba panga panadutsa ndege, phokoso lake mpaka m'mano. Ndinaitsonya mpaka anthu onse pasiteji anatembenuka.

Sindinapite kwanga. Ndinalunjika kwa amayi, chifukwa munthu zikakuvuta umafuna mayi ako, ngakhale mayi wake akhale wotani. Ndinkati mwina kapu ya maluwa ija ikadali panja.

Ndinapeza pabalaza padzaza. Amayi a kutchalitchi aja anali atabwera kudzathokoza nawo Mulungu, chifukwa nkhani ya Wam'mwamba inali itafika kale. Pampando wa khushoni panali patakhala kale mlendo, kapu ya maluwa ili m'manja mwa amayi a abusa. Ndinapereka moni mmodzimmodzi, kenako ndinang'amba pulasitiki ija, n'kuyala bulangete pamiyendo ya amayi anga, paja amadandaula kuti mawondo amazizira. Ndinati ndidikire aliyense akhale chete, ndiwauze zimene zandigwera.

Amayi a abusa analigwira ndi nsonga za zala.

"Koma kufewa kwake! Limeneli mwalipeza kuti, mayi?"

Amayi anga analitembenuza, n'kuona kambalame kaja pakona. Nkhope yawo yonse inawala.

"Mukufunsanso? Za m'ndege izi. Ameneyu ndi Wam'mwamba, wapatsira mkulu wakeyu kuti andibweretsere. Mwana uja ngakhale zinthu zivute chotani, mayi ake saiwala."

Analikweza n'kulinunkhiza, maso atatsinzina.

"Tamvani fungo lake. Sopo wa kunja ameneyu, kuno simungamupeze."

Bulangete linayenda dzanja ndi dzanja, aliyense akulinunkhiza ndi kugwedeza mutu. Fungo limenelo linali m'manja mwangamu, m'tsitsi, m'malaya amene ndinavala. Ndinaima pakati pawo, koma panalibe amene anasuntha mphuno kuloza kwa ine.

Kenako amayi anandiyang'ana, ngati akundiona koyamba.

"Iwe, lero waweruka msanga bwanji? Chabwino, wachita bwino, alendowa akufuna tiyi wina. Taona ngati madzi akutuluka pampopi."