Chaka Chimene Anatseka Mtsinje

Chaka chimene boma linaletsa kuwedza nsomba za salimoni mumtsinje wathu, amuna anga a Veikko anasowa pogwira. Madzi oundana atasweka n'kutsetsereka kunyanja, anapaka bwato phula monga mwa chaka chilichonse, kenako anakhala pakhonde n'kumangoliyang'ana. Chikwatirane, m'chilimwe ndinkawaona pobwera kudzasintha malaya basi. Tsopano anali paliponse. Ndikamapalira mbatatesi, iwo pambuyo panga. Ndikamayanika zovala, iwo akundigwirira dengu.

"Bambo, bwanji osapita kwa alamu anu?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Kukatani? Kukayang'anana?"

Alamu awowo ndi achimwene anga, a Tauno. Bwatolo linali la awiriwo, ndipo anayamba kuwedzera limodzi ine ndisanaganize n'komwe zokwatiwa. Akazi awo atamwalira, a Tauno ankakhala okha kumtunda kwa mudzi. Nyengo yachisanu, pamene kuno kumpoto dzuwa silituluka, mdima uli bii usana ndi usiku, iwo ankakhala patebulo kumanga nyambo za nthenga, zofiira, zakuda, zina zonyezimira, kudikira chilimwe.

Panali kanthu kena pakati pawo chaka chimenecho. Pamsonkhano wa anthu a m'mbali mwa mtsinje, a Veikko anaimirira n'kunena kuti nsomba zachepadi, mtsinje upume. Ambiri anawakwiyira. A Tauno sanawatsutse pagulu, koma sanawaikirenso kumbuyo, ndipo chiyambire pamenepo ankangopatsana moni kusitolo.

Loweruka lina m'mwezi wa Julayi, m'mawa dzuwa likuwala bwino, ndinaona achimwene akutsika ndi chikwama kumsana.

"Alamu, dzukani pamenepo, mumera mizu. Tiyeni tikaphike khofi kuchilumba."

"Opanda ndodo zowedzera?" anafunsa a Veikko.

"Khofi anamuletsanso? Mwina munavomera zimenezonso ine nditatuluka."

A Veikko anapita kukatenga nsapato zawo zamphira. Achimwene anandiyang'ana. "Iwe Helmi, lero malo alipo. Ungathe kulongolola mpaka kukafika, palibe nsomba yoti uithawitse."

Kuchilumbako ndinapitako komaliza ndili mwana, ndi bambo athu. Ndinazimitsa moto, ndinatenga buledi ndi masoseji, ndinavala chipewa cha ukonde chotchingira udzudzu.

Tinakwera mtsinje ndi injini. Zaka zonse nthawi ngati imeneyi mabwato amachita kusinthana malo, koma tsikulo tinangokumana ndi achinyamata akummwera, atatu kapena anayi, m'timabwato tawo tofiira. Anatibayibitsa ndi nkhafi. Pamalo pamene madzi amathamanga pakati pa miyala, achimwene anakhala kutsogolo n'kumaloza ndi chibwano, a Veikko n'kumakhotetsa, osatulutsa mawu. Ndinkaona mapiri amene ndinazolowera kuwaonera kumsewu atatembenuka nkhope, chipale chofewa chikadali m'makwawa akumpoto. Mayina amene ndinkangowamva patebulo la chakudya anayamba kukhala malo enieni: Mwala wa Abusa, Dziwe Lakuda, Pokhota Pachiwiri. Mwala wa Abusawo ndinakhumudwa nawo. Ndinkayesa ndi chimwala chachikulu, koma unali wongokwana kukhalapo munthu mmodzi.

Pachilumba panali mafuwa akuda ndi mwaye wa zaka zambiri. A Veikko anakoleza moto ndi makungwa, anapachika ketulo pakamtengo, ine ndinabaya masoseji pa timitengo. Utsi unathamangitsako udzudzu. Tinakhala pansi, ndipo apa m'pamene ndinazindikira kuti amuna awiriwa, amene akhalira limodzi m'bwato moyo wawo wonse, sadziwa kucheza. Wina anati madzi atsika. Wina anati inde, atsika. Kenako zii.

Pothira khofi, ndinaona dzanja la achimwene likunjenjemera. Khofi anatayikira pathalauza. Anasinthira kapu kudzanja lamanzere, lamanjalo n'kulipanira pakati pa mawondo.

"Achimwene, dzanjalo layamba liti?"

"Kalekale. Iwe suona, umangoyankhula." Anamwa pang'ono. "Adokotala akuti silisiya, lizingowonjezera. Outi akuti masamba akayamba kuyoyoka ndipite ndikakhale naye kumzinda wa Oulu. Wandikonzera kale chipinda, chapansi, chopanda masitepe."

Outi ndi mwana wawo yekhayo. Ndinafuna kufunsa zambiri, koma iwo anali atadzuka kale. Anapita kubwato, anasuntha thabwa lapansi, natulutsa ndodo yowedzera itakulungidwa m'thumba. Kaya anaibisa liti. Anaiika paudzu pakati pawo ndi a Veikko, n'kutulutsanso kabokosi ka nyambo m'thumba la malaya.

"Iyi ndi yomaliza imene ndamanga, alamu. Inanditengera sabata yathunthu, ulusi ukungondipulumuka. Ndikufuna ilowe m'madzi."

A Veikko anayang'ana pamoto. "Mtsinje ndi wotseka, alamu. Kwa tonse."

"Nsomba imodzi siingathetse mtsinje."

"Ndi mmene tonse tinkanenera."

"Akadzautsegula ine ndidzakhala ndikumwetsedwa phala ndi supuni. Mudzabwera kudzandiuza kuti zachuluka?"

Ine mtima unali kwa achimwene, sindikana. Ndinkafuna kunena kuti palibe akutiona, koma ndinkadziwanso kuti a Veikko apirira mwezi wathunthu anthu akuwatembenuzira misana kusitolo chifukwa cha mawu amenewo. Ndinangotembenuza masoseji amene anali atapsa kale.

Patapita kanthawi a Veikko anatambasula dzanja. "Tandionetsani."

Achimwene anawapatsa nyamboyo. Inali yakuda, ndi kanthenga kachikasu kumchira, mutu wake wopotoka pang'ono. A Veikko anaitembenuzatembenuza, kenako anapisa m'thumba, natulutsa kachitsulo kodulira waya, n'kudula mbedza pokhota pake penipeni. Kachidutswako anakaponya pamoto.

"Mwaiwononga," anatero achimwene motsitsa mawu.

"Munati ilowe m'madzi. Kwerani."

Kaya lamulo limati chiyani pa nyambo yopanda mbedza, ine sindidziwa, ndipo sitinafunsepo. Mfundo anamanga ndi a Veikko, achimwene atayesa kawiri n'kulephera. Injini sanailize. A Veikko anagwira nkhafi, achimwene anakhala kumbuyo atagwira ndodo ndi manja onse, ine kutsogolo. Tinayamba kudutsa Dziwe Lakuda mopingasa, kupita tsidya lino, kubwerera tsidya lija, bwato likutsika pang'onopang'ono, nyambo ikusambira kumunsi kwathu.

Tinatero nthawi yaitali. Dzuwa linandiwotcha pakhosi, miyendo inachita dzanzi. Palibe anandiuza kuti ndikhale chete, koma ndinapezeka ndili chete. Ndinkamva madzi akudontha kunkhafi, ndi mbalame ina ikulira kutsidya. Ndinayamba kumvetsa kuti nsomba zimene ndakhala ndikutumbula zaka zonsezi zinali kagawo kakang'ono ka zimene anthuwa amadzera kuno. A Veikko ankayang'ana nsonga ya ndodo, n'kudziwa pofunika kuchepetsa. Achimwene akapendeketsa mutu, bwato linkakhota. Kucheza kwawo kunali kumeneko.

"Palibe kanthu muno," anatero achimwene pomaliza. "Munanena zoona kumsonkhano kuja. Zatha."

"Tidutse kamodzinso," anayankha a Veikko.

Tili pakati padziwe, ndodo inawerama mwadzidzidzi ngati wina waikoka ndi dzanja. Chingwe chinalira. Achimwene anaimika ndodo, mapewa awo anauma, ndipo kumunsi madzi anatumphuka. Ndinaona msana wakuda ndi mbali yoyera ngati siliva, nsomba yaitali kuposa mkono wanga. Inagwira nyamboyo kwa kanthawi kongokwana kupuma katatu kapena kanayi, ikukoka, iwo akukoka. Kenako chingwe chinalendewera.

A Veikko anasiya kupalasa. Bwato linayamba kuzungulira lokha.

Achimwene anakhala choncho ndodo ili m'mwamba. Atayitsitsa, manja awo ankanjenjemera kwambiri moti a Veikko anachita kuwalandira ndodoyo.

"Yaikazi," anatero achimwene. "Yodzaza mazira."

"Mwaona bwanji, ndi maso anuwo?"

"Ndamva m'manja. Inu mukanamva chiyani, wopalasa?"

Anakulunga chingwe, nayang'ana nyambo. Nthenga zinali zitaphwanyika mbali imodzi. Anaipukuta pamalaya n'kuibwezera m'kabokosi. Anayang'ana kumtunda kumene nsomba ija inalowera, ndipo anati, "Ipite. Ikadali ndi ulendo."

Tinabwerera pachilumba kukazima moto. Khofi anali atazizira, koma tinamwa. Achimwene anadya masoseji awiri opserera, akudandaula kuti mlongo wawo wakalamba osaphunzira kuwotcha nyama. Kenako anagona chagada paudzu, chipewa kumaso, ndipo posakhalitsa anayamba kuliza mkonono. Ine ndi a Veikko tinakhala pamchenga, mapazi m'madzi ozizira mpaka kuwawa.

"Munadziwa za dzanjali?" ndinawafunsa.

"Chaka chatha. Ankalephera kumasula nsomba kumbedza."

"Osandiuza?"

"Anali asananene okha."

Chilimwe chimenecho tinapitanso kuchilumba kangapo, atatu tonse, koma ndodo sinatulukenso. Zipatso zachikasu za m'madambo zitapsa, tinkakocheza kutsidya n'kukathyola, achimwene atakhala pachitsa kutilondolera koti tipite. Nkhani ya nsomba ija sinamveke m'mudzi. Kusitolo anthu anapitiriza kunena zawo, koma tsopano wina akayamba kunyoza a Veikko, achimwene ankamuuza kuti akagule nsomba zam'chitini, akhale chete.

Outi anabwera ndi galimoto kudzatenga bambo ake mu Seputembala, mapiri atafiira. Katundu anali wochepa. Nthenga, ulusi ndi zomangira nyambo achimwene anazisiya patebulo pathu, akuti mwina a Veikko aphunzira, ngakhale zala zawo zili ngati mbatatesi. Anakumbatira ine, a Veikko anangowagwira paphewa.

Mtsinje sunatsegulidwe chaka chotsatira. Achimwene amaimba foni Lamlungu, mawu awo atayamba kuchepa mphamvu. Ine amandipatsa moni mwachidule n'kunena kuti ndiwapatsire alamu awo. Ndimamva a Veikko akunena kuti madzi akwera, kapena atsika, kapena kuti mvula yagwa kumapiri. Kenako onse awiri amakhala chete nthawi yaitali, foni ili kukhutu, ndipo ine ndimatuluka kukaona mbatatesi zanga.